Mmene Ndidasankhira Miyala ya ku Zimbabwe Ngati Fodya

Ana inu, Takondwa ndi Limbani, ndi ena nonse amene mudzatsegule kope ili mukadzatopa ndi mafoni anuwo. Sabata yatha Takondwa adabwera kudzandiuza kuti a kusukulu kwawo akupita ku Lifupa kukaona njovu. Ine ndidamupatsa malangizo amodzi okha, akuti akakafika kumeneko manja akaike m'thumba, asakakonze kanthu kalikonse. Nonse mudaseka. Limbani mpaka adafunsa ngati ndikuopa kuti mlongo wake akawongola chitamba cha njovu. Sindidayankhe, poti mukundidziwa, anthu akachuluka pakamwa panga pamalemera. Agogo anu aakazi amati ine ndidawafunsira ndi maso, mawu adachita kudzilankhulira okha. Ndiye ndati ndilembe, chifukwa cholembera sichichita manyazi.

Ndidakulira kuno kwa Chulu m'manja mwa atsibweni anga a Yelemiya, mlongo wawo wa amayi. Inu masiku ano mumati ankolo. Anali mlimi wa fodya wa bale, munthu wa mawu ochepa, ndipo ochepawo sankawabwereza. Ndisanadziwe kugwira choko ndidadziwa kusoka fodya ndi kupachika mikangala m'chigafa. Koma ntchito imene adandiphunzitsa ndi mtima wonse inali yosankha. Fodya akauma tinkakhala pansi kuyambira mmawa, tsamba lililonse kuliyang'ana nkhope. Lalitali kwa aatali anzake, lofiirira kwa ofiirira, long'ambika kwalokha. Atsibweni akapeza katsamba kakafupi m'kamtolo ka masamba aatali, sankamenya munthu ayi. Ankangokakweza m'mwamba kuti aliyense m'chigafamo akaone, n'kufunsa mofatsa kuti kamwana kamasiye aka n'ka yani. Bola akadandimenya. Ndiye mukamapeza nsapato zanu zandandalikidwa pakhonde kuyambira yaing'ono mpaka yaikulu, musamaganize za afiti. Ndimakhala ndine.

Lamulo lawo lachiwiri linali la ulendo. Ankati mlendo wabwino sadikira kuuzidwa ntchito. Ukafika pakhomo pa eni n'kupeza mpanda wagwa, dzutsa. Ukapeza khasu laguluka, khomera. Mawu amenewa ankandikonzera za chikamwini, ndipo adandithandizadi nditapita kwa agogo anu, kumene ndidafolera nkhokwe ziwiri asanandipatse n'komwe madzi akumwa. Koma ndisanafike kumeneko, lamulo lomweli lidatsala pang'ono kundithera moyo.

Nditamaliza sekondale ndidasankhidwa kukaphunzira zaulimi ku koleji ina ya ku Zimbabwe. Kuno kunali kusanachokepo munthu wopita kunja ndi mabuku. Ambiri ankapita ndi mphamvu zawo zokha, kumigodi ndi kumafamu, ena osabwerako. Lamulungu lomaliza adandiimika kutsogolo m'tchalitchi, amayi a chigwirizano n'kundiimbira nyimbo, ine maso ali pa zala za kumapazi. Potuluka atsibweni adandikokera pambali n'kundiuza kuti ndikadzabwera wopanda pepala la sukulu, ndidzatsikire ku Chipata konko, ndidzafune mudzi wina.

Ulendo wake si ngati wa masiku ano woti mukwera kabaza wa njinga yamoto n'kufika pa boma tsitsi lisanasokonekere. Sutikesi yachitsulo idakwera njinga yakapalasa, ife pambuyo wapansi. Kamba anali mtedza wokazinga, mbatata zootcha ndi chigubu cha thobwa chimene chidaphulika tisanafike ku Mchinji, n'kunyowetsa mayi wina amene sadandikhululukire mpaka ku Lusaka. Ndidavala nsapato zatsopano zimene atsibweni adagula pondiyeza phazi ndi kachingwe. Kachingweko kayenera kuti kadafota m'thumba mwawo, chifukwa nsapatozo zinkandiluma ngati linthumbu. Muzikumbukire nsapato zimenezi, zili ndi mbali yake pa mlanduwu.

Ku koleji anzanga ankangonditchula kuti Achimwene, monga ankatchulira Mmalawi aliyense. Ndinali mwana wabwino, ndisakunamizeni. Ndinkafika m'kalasi oyamba, kufufuta bolodi, kuwongola madesiki. Mnzanga wa chipinda chimodzi anali Tendai, mnyamata wa m'tauni wolongolola ngati wailesi. Iye ankalankhula, ine ndinkamupindira malaya, ndipo tinkagwirizana kwambiri.

Chaka chachiwiri mphunzitsi wathu wina, Mayi Sibanda, adalengeza kuti kalasi yonse ipita kufupi ndi Masvingo kukaona mabwinja otchuka amene dzikolo lidatengerako dzina. Adati mlimi wophunzira ayenera kudziwa anthu amene adaweta ng'ombe pa nthaka imeneyo iye asanabadwe. Ine ndidadabwa chamumtima. Kwathu kuno bwinja ndi pamene pamamera bonongwe ndi maungu osadzala munthu, mwina n'kutolapo phale la mphika. Kubwereka basi yathunthu kukaona zimenezo? Komabe ndidachapa malaya oyera, n'kupukuta adani anga aja, nsapato.

M'basimo Mayi Sibanda adaimirira n'kunena momveka bwino kuti malowo ndi otetezedwa ndi lamulo. Aliyense wokwera pa khoma, wolembapo dzina, kapena wotenga ngakhale kamwala kamodzi, achotsedwa sukulu, ndipo ngati ndi wochokera kunja akwezedwa basi ya kwawo. Ponena zimenezi ankayang'ana Tendai. Ine sadandiyang'ane n'komwe. Ndidalemba malamulo atatuwo m'kope: osakwera, osalemba, osatenga. Ndikufuna mudziwe kuti pa atatuwo sindidaphwanyepo ngakhale limodzi.

Titafika ndidangokweza maso m'mwamba. Ana inu, lija si bwinja la maungu. Makoma ake ndi a miyala yosemedwa ngati njerwa, aatali kuposa tchalitchi chathu, ndipo pakati pa mwala ndi mwala palibe dothi, palibe simenti. Miyala yangogonerana yokha kwa zaka mazanamazana. Polowa pa chipata chachikulu ndidapezeka ndanena kuti odi. Tendai adaseka mpaka kutsamira khoma, nati eni ake adatuluka pang'ono, ndidikire. Wotionetsa malo adatidutsitsa m'kanjira kopanikiza pakati pa makoma awiri, n'kutifikitsa pa chinsanja chozungulira chopanda khomo. Adafunsa ngati alipo akudziwa chimene chikufanana nacho. Ine ndidaona kuti ndi nkhokwe yeniyeni, yangosowa denga, koma ndidameza mawu. Mtsikana wina adanena zomwezo patapita kanthawi, onse n'kumuombera m'manja.

Titadya, adatipatsa masana onse kuti aliyense ayende, ajambule ndi kulemba zimene waona. Anzanga onse adakwera phiri limene lili ndi makoma ena pamwamba. Ine mapazi anali atatupa. Ndidapempha kutsala m'munsi, ndipo Mayi Sibanda adavomera msanga, nati Achimwene ndiye munthu yekhayo amene angamusiye popanda nkhawa.

Ndidavula nsapato, n'kuzimangirira m'khosi, n'kumayenda pang'onopang'ono m'chigwa mmene muli timakoma tating'ono. Kuseri kwa mitengo ndidapeza khoma lina logumuka pakati, mpata wake ngati wa mano a Limbani chaka chatha. Patsogolo pake, pa udzu, miyala yake inali itayalidwa m'mizere. Panali wilibala, ndowa ya madzi, ndi chingwe chomangidwa pa zikhomo kuzungulira malowo. Munthu panalibe, poti linali Loweruka. Chingwecho ine ndidachiyesa cha amisiri chowongolera khoma, ndipo ndidachidumpha mwaulemu.

Nditayang'ana mizereyo mtima udandiwawa. Mwala waukulu pambali pa kakang'ono. Wotuwa pakati pa ofiirira. Wosweka ngodya uli pamodzi ndi abwinobwino. Ana amasiye okhaokha. Choipitsitsa, pa mwala uliwonse panali polembedwa manambala ndi choko. Ndidakumbukira lamulo la Mayi Sibanda la osalemba, ndipo ndidadziwiratu kuti pano padutsa ana a sukulu osaleredwa bwino. Ndidamvera chisoni eni malowo. Anthu atilandira bwino, ationetsa za makolo awo, ndiye ine ndingodutsa ngati sindikuona?

Ndidayamba ndi kufufuta. Ndidanyika mpango wanga m'ndowa muja n'kupukuta mwala umodziumodzi mpaka yonse idayera. Kenaka ndidasankha. Yaitali mulu wake, yapakati mulu wake, yofiirira payokha, yosweka ndidaitaya kutali pang'ono ndi wilibala monga timachitira ndi zinyenyeswa za fodya. Nditatha apo ndidaona kuti dzuwa likadalipo, mpata uli apo, miyala ili apa. Ndidapinda malaya.

Sindikudzitama, koma ntchito idayenda. Yaikulu pansi, mzere uliwonse mtundu umodzi, mwala wapamwamba kugonera pa mgwirizano wa iwiri yapansi monga ndidaonera pa makoma aakulu aja. Khoma litafika m'chiuno, ndidapuma n'kukhala pambali kupukuta thukuta. Apo padatulukira azungu awiri okalamba, bambo ndi mayi, makamera ali pachifuwa. Adaima pa khoma langa nthawi yaitali. Bamboyo adalisisita ndi chikhatho n'kuuza mkazi wake kuti taona mmene anthu akale ankadziwira kumanga, lero palibe angathe. Adalijambula mbali zonse. Adandipemphanso kuti ndiwajambule ataima patsogolo pake. Ndikadawauza zoona, koma ndidaona kuti kutsutsa akuluakulu si ulemu. Ndidangoti zikomo.

Woyamba kutsika phiri anali Tendai. Adayang'ana khoma, adayang'ana manja anga, adayang'ananso udzu pamene panali mizere paja. Kenaka adafunsa motsitsa mawu kuti manambala ali kuti. Ndidamuonetsa mpango monyadira.

“Achimwene,” adatero, “sutikesi yako ija ikadali ndi loko?”

Mayi Sibanda atafika sadakalipe. Adangokhala pansi pa udzu, miyendo tambalale, chikwama pamiyendo, ngati mayi wa pa maliro. Ndi iwo adandifotokozera. Khomalo lidayamba kupendekeka, ndiye akatswiri adaliphwasula mwala umodziumodzi, uliwonse n'kuulemba nambala yosonyeza mzere wake ndi malo ake, kuti adzaubwezere pomwe adauika eni ake zaka mazana zapitazo. Mizere ija ya pa udzu inali khoma lenilenilo, logonekedwa pansi. Ndidafunsa ngati sadaone kuti miyalayo inali yosakanikirana. Adandiyang'ana, n'kutseka maso.

Mlonda wa pamalopo adathamanga kukaitana mkulu wa amisiri amene ankakhala pafupi. Podikira paja ndidaona ulendo wanga wonse ukubwerera chammbuyo: Chirundu, Lusaka, Chipata. Ndidayamba kuganiza kuti ku Chipata ndikudziwako yani. Ndidaona amayi a chigwirizano aja akufunsana kuti nyimbo yathu ija tidaimbira chiyani. Ndidaona atsibweni atandikweza m'mwamba m'chigafa ngati katsamba kakafupi. Anzanga adaima mozungulira, ena akudziluma milomo kuti asaseke, ndipo pa mtengo panali apusi amene sankadziluma n'komwe.

Adabwera bambo wachikulire wa imvi, wovala ovolosi, amene onse ankamutchula Sekuru, ndiye kuti agogo. Sadapereke moni. Adazungulira khoma langa kawiri. Adapita pa milu yotsala ija, natola mwala pa mulu uwu, natola pa mulu uwo, n'kumaiyerekeza. Adapita kukaona yosweka imene ndidataya. Pobwera adaima patsogolo panga, n'kuyang'ana mapazi anga opanda nsapato ndi nsapato zili m'khosi. Ndiye adalankhula, osati m'Chishona kapena m'Chingerezi, koma m'Chichewa chathu chomwechi.

“Iwe, kwanu n'kuti?”

Ndidagwada. Ndidati ku Kasungu, kwa Chulu.

“Ndinadziwa. Palibe mtundu wina pansi pano ungasankhe miyala ngati ikupita ku okushoni.”

Anali wa ku Dowa, mtchona amene adapita kukagwira ntchito m'mafamu a fodya ali mnyamata, n'kudzaphunzira za miyala atakula. Adandikalipira bwinobwino m'chinenero chathu, mawu ena oti sindingalembe m'kope la adzukulu. Adati choko chija adalemba masiku ambiri, manambala a penti osafufutika ankati alembe Lolemba. Adati safunsa adadya phula, koma ine ndadya phula, mng'oma ndi njuchi zomwe. Chodabwitsa n'chakuti pamene ankanditukwana, mtima wanga unkakhala pansi. Panali patapita chaka ndi miyezi ndisanatukwanidwe m'Chichewa.

Atatopa adatuma mlonda kukatenga envulopu ya zithunzi zimene adajambula khomalo lisanaphwasulidwe. Adati popanda manambala, chotsala n'kuyang'ana chithunzi ndi kufuna mwala uliwonse ndi maso, ntchito yoti iye ndi anyamata ake iwatengera miyezi. Adandiponyera chithunzi chimodzi, naloza mwala wina wa mzere wachitatu, nati popeza ndine wanzeru ndimupezere umenewo. Ndidauyang'ana. Unali ndi kamzere koyera kodutsa pangodya, mbali imodzi yotsika pang'ono. Ndidaukumbuka, chifukwa udandivuta pousankha, sunkagwirizana ndi mulu uliwonse. Ndidapita kukautola pa zinyenyeswa paja. Adaloza wina. Umenewo unali m'khoma langa, mzere wachiwiri kuchokera pansi. Adaloza wachitatu, wachinayi. Munthu amene wakula akuyang'ana masamba nkhope saiwala msanga chimene chadutsa m'manja mwake.

Sekuru adakanda m'mutu. Adatembenukira kwa Mayi Sibanda n'kuwauza kuti chitsiru ichi asachithamangitse, amubwereke. Adati chikapita ku Malawi chipita ndi khoma lake m'mutu.

Nkhani idakafikabe kwa akuluakulu a koleji. Ndidaima pamaso pawo atatu, ndipo mmodzi ankangotuluka panja kukatsokomola, koma kutsokomola kwake kunkamveka ngati kuseka. Chigamulo chinali chakuti tchuthi chonse ndikagwire ntchito kwa Sekuru, ndipo kalata yochenjeza ipite kwa wondiyang'anira kumudzi. Atanena za kalatayo ndidalakalaka akadangondipereka kupolisi.

Tchuthi chimenecho anzanga adapita kwawo, ine ndidapita ku miyala. Ntchito yoyamba inali kugwetsa khoma langa ndi manja anga omwe. Kenaka tidayamba kubwezera mwala uliwonse malo ake akale, chithunzi chili m'manja. Apa ndiye padali mayeso. Khoma la eni ake linali ndi kamimba, mizere ina yoweyuka ngati mzere wa mbatata wolima mwana. Pena chithunzi chinkafuna kuti kamwala kosweka kakhale kutsogolo penipeni, pamene mwala wokongola ukabisike mkati. Ndinkati ndikatembenuza umodzi kuti uoneke bwino, Sekuru ankandimenya chala ndi kamtengo, nati sitikumanga khoma labwino, tikumanga khoma lawo. Mawu amenewo adanditengera milungu kuti ndiwamve. Madzulo ankandifunsa za kumudzi, ngati anthu akadaphikabe chigumu, ngati mfutso ukadayanikidwabe pa mphasa. Kwawo sadabwerereko, ndipo ndikuganiza kuti ankachedwetsa dala ntchito ija masiku omaliza.

Atsibweni sadayankhe kalata ija. Ndidawalembera kawiri za maphunziro, za mvula, za mtundu wa fodya wa kumeneko, iwo n'kuyankha za mvula ndi za fodya basi. Chaka chonse chomaliza ndidakhala ngati munthu amene wamva bingu koma mphezi sinagwe.

Ndidamaliza, pepala ndidalandira, ndipo ku Chipata sindidatsike. Ndidafika kuno nthawi yosankha fodya. Anthu adabwera kudzandiona, kudzagwira pepala lija ndi manja osamba. Atsibweni adaliyang'ana, nagwedeza mutu. Mawa lake adandiitana kuchigafa. Tidakhala awiriwiri tikusankha, ine ndikuyang'anitsitsa tsamba lililonse kawiri. Dzuwa litakwera adaimirira, napisa dzanja m'denga, natulutsa envulopu yofiirira ndi fumbi. Adati aphunzitsi aakulu a pasukulu yathu adawawerengera ndi kuwamasulira bwinobwino, kawiri konse, ndiye ndisavutike kufotokoza. Iwo anali ndi mafunso awo.

“Khoma udamangalo linali lowongoka?”

Ndidati linali lowongoka.

“Miyala udasankha bwino? Munalibe kamwana kamasiye?”

Ndidati munalibe.

“Ndiye adakuuza kuti uligwetse?”

Ndidavomera. Ndidawafotokozera kuti tidamanganso monga linalili kale, ndi kamimba kake, yosweka kutsogolo, yabwino mkati.

Adasalaza tsamba limodzi pa bondo. Kenaka adapinda kalata ija, naibwezera m'denga, n'kuikankhira mkati kwambiri.

“Nkhani imeneyi isatuluke m'chigafa muno,” adatero. “Anthu aja adakusunga bwino zaka zitatu. Tisawachititse manyazi.”